Kuvuula Maboti Chisanu Chisanafike

M'mwezi wa Okutobala, pamene ku Malaŵi dzuŵa likuswa mtengo ndipo alimi ali kalikiliki kukonza minda poyembekeza mvula, anthu a mumzinda wa Chicago, m'dziko la United States, amaonerera mdipiti wachilendo pa mtsinje umene umadutsa pakati pa mzinda wawo. Kaŵiri pa mlungu, Lachitatu ndi Loŵeruka, milatho 27 ya pamtsinjewo imatukulidwa umodziumodzi, magalimoto naima m'misewu, kuti padutse maboti a matanga amene milongoti yake njaitali moti singaloŵe kunsi kwa mlatho. Mabotiwo sapita ku mpikisano kapena ku usodzi ayi. Achoka pa nyanja ya Michigan ndipo alikupita kumtunda kwa mtsinje kukavuulidwa, pakuti nyengo yoyenda panyanja yatha, chisanu chili pakhomo.

Kwa munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Karonga, amene nyanja yakwawo imayendeka chaka chathunthu, mawu akuti nyanja yatsekedwa amamveka ngati nthano. Komatu kumaiko a kumpoto kwa dziko lapansi chaka cha mmalinyero chili ndi poyambira ndi pothera, monga momwe chiliri chaka cha mlimi. Nyengo za kumeneko nzosemphana ndi za ku Malaŵi: kumafunda kuyambira Juni kufikira Ogasiti, ndipo kumazizira koopsa kuyambira Disembala kufikira Malichi. Anthu a m'mbali mwa nyanja zimenezo adaphunzira zinthu ziŵiri, ndipo maphunziro ake adalipiridwa ndi miyoyo. Choyamba nchakuti tsiku lolekera maulendo liyenera kuikidwiratu nyanja ikali bata, lisasiyidwe m'manja mwa munthu amene akuona phindu la ulendo wina umodzi. Chachiŵiri nchakuti moyo wa chombo umadalira ntchito imene chimachitiridwa chili pamtunda.

Nyanja zisanu zopanda mchere

Nyanja ya Michigan ndi imodzi mwa nyanja zisanu zolumikizana zimene zili m'dera la malire a United States ndi Canada. Zinzake ndi Superior, Huron, Erie ndi Ontario. Madzi ake ngopanda mchere, monga a Nyanja ya Malaŵi, ndipo amatsika kuchokera ku nyanja ina kunka ku inzake kufikira atatulukira mumtsinje wa St. Lawrence, umene umathira m'nyanja yamchere ya Atlantic. Yaikulu mwa zonse ndi Superior. M'litali njofanana ndi Nyanja ya Malaŵi, pakuti zonse ziŵiri zimapitirira pang'ono makilomita 550, koma m'lifupi njotambalala kwambiri, kotero kuti kukula kwake, masikweya kilomita 82,000, kuli pafupi kuŵirikiza katatu kukula kwa Nyanja ya Malaŵi. Pa kuya pokha ndi pamene ikuchepa: pakuya penipeni pa Superior pali mamita 406, pamene pa Nyanja ya Malaŵi pali mamita pafupifupi 700.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kuzizira kwa madzi. Madzi a pamwamba pa Nyanja ya Malaŵi satsika kufika madigiri 20 ngakhale m'mwezi wa Julayi. Madzi akuya a Superior amakhala pa madigiri 4 chaka chonse, ndipo chisanu chikafika a pamwamba amaundana nasanduka olimba ngati mwala. Kaŵirikaŵiri pafupifupi theka la nyanja zisanuzi limaphimbidwa ndi madzi oundana pachimake pa chisanu. Mu 1979 magawo pafupifupi 95 mwa 100 adaphimbidwa, ndipo mu 2014 adapitirira 92. Erie, imene ili yosaya kuposa zonse, ndiyo imaundana mofulumira. Pa zaka zozizira kwambiri anthu a pachilumba cha Madeline, pa Superior, amaimika sitima yawo yowolotsa anthu nayendetsa magalimoto pamwamba pa nyanja kunka ku tauni ya Bayfield.

Panyanjazi pamayenda zombo za mitundu iŵiri. Pali maboti ang'onoang'ono a matanga ndi a injini, zikwizikwi, amene eni ake amayendera pofuna kupuma kapena kupikisana. Palinso sitima zikuluzikulu za malonda zonyamula mtapo wa chitsulo, miyala ya laimu, malasha, mchere ndi tirigu. Sitima 13 mwa izo nzotalika mamita oposa 300 iliyonse, ndipo yaitali koposa, Paul R. Tregurtha, ili ndi mamita 309, ndiko kunena mabwalo atatu a mpira kuwalumikiza. Zazing'ono ndi zazikulu zomwe, zonse zimamvera lamulo limodzi la nyengo, kungoti zazing'ono zimathaŵa msanga.

Chifukwa chake Novembala amaopedwa

Madzi oundana sindiwo mdani woyamba kufika. Woyamba ndi namondwe wa m'Novembala. Madzi amachedwa kufunda ndipo amachedwanso kuzizira. Chotero pofika Novembala, pamene mtunda wazizira kale, nyanja zimakhala zikali kusunga kutentha kwa Julayi ndi Ogasiti. Nthaŵi yomweyo mphepo yozizira ndi youma imatsika kuchokera kumpoto kwa Canada, nikomana ndi mpweya wofunda ndi wachinyezi wochokera kumwera, ku Gulf of Mexico. Ziŵirizi zikakomana pamwamba pa madzi ofundawo, nyanja imasonkhezera mkunthowo monga momwe munthu amasonkhezera moto, ndipo m'maola oŵerengeka pamene padali bata pamakhala chipwirikiti.

Mafunde a panyanja zotere amabwera mothinana, lina pambuyo pa linzake, kotero kuti chombo sichipeza mpata wodzuka funde lina lisanachimenye. Mu Okutobala 2017 chida choyezera mafunde pa Superior chidalemba funde lotalika pafupifupi mamita 9. Kuwonjezera apo, mpweya ukazizira kwambiri madzi othovoka amaundana pomwe agwera: pa zingwe, pa milongoti, pa matanga ndi pa zitseko. Chombo chimalemera pamwamba, ndipo chombo cholemera pamwamba sichichedwa kugubuduka.

Munthu wogwera m'madzi otere sakhala ndi nthaŵi yaitali. M'mphindi yoyamba thupi limadzidzimuka, munthu napuma mwaphuma mosadziletsa, ndipo ena amamwa madzi nthaŵi yomweyo. Pakatha mphindi ngati 10 zala ndi mikono zimayamba kukana ntchito, moti ngakhale katswiri wosambira amalephera kugwira chingwe chimene am'ponyera. Madzi amachotsa kutentha kwa thupi mofulumira kuŵirikiza ka 25 kuposa mpweya. Nchifukwa chake ngozi imene m'Julayi ikadangokhala yoseketsa, m'Novembala imasanduka maliro.

Namondwe woopsa koposa m'mbiri ya nyanjazi adawomba kuyambira pa 7 kufikira pa 10 Novembala 1913. Sitima 12 zidamira ndi anthu ake onse, zambiri mwa izo pa Huron, ndipo anthu oposa 250 adafa.

Ulendo umodzi wotsiriza

Womvera angafunse kuti, ngati zonsezi nzodziŵika, nchifukwa ninji anthu amayendabe m'mwezi umenewu? Yankho lili pa ndalama. Kumapeto kwa nyengo ndi pamene katundu amachuluka. Tirigu wangokololedwa kumene ndipo ayenera kutuluka. Mafakitale osungunula chitsulo a ku Gary ndi ku Cleveland amafuna kuunjika mtapo wokwanira miyezi yonse imene sitima zidzakhala zitaima. Mitengo yonyamulira katundu inkakwera nyengo ikamatha, ndipo ulendo umodzi wa m'Novembala unkatha kusandutsa chaka chotayika kukhala chaka cha phindu.

Chitsanzo cha masiku a ngalaŵa za matanga ndi Rouse Simmons, ngalaŵa ya matabwa ya milongoti itatu imene idapangidwa mu 1868. Mkulu wake, Herman Schuenemann, chaka chilichonse ankatenga timitengo tobiriŵira ta mtundu wa paini ku nkhalango za kumpoto kwa boma la Michigan nakagulitsa ku Chicago, kumene anthu amakongoletsera nato nyumba pa Khirisimasi. Malonda otere sakadatheka mwezi wina koma Novembala, ndipo mkulu wake wa Herman, August, adafera pa malonda omwewo mu Novembala 1898. Pa 23 Novembala 1912 alonda a pagombe la Kewaunee adaona ngalaŵayo patali itakweza mbendera yopempha thandizo. Boti limene lidatuluka kukaifuna silidaipeze, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adapulumuka. Idapezeka mu 1971 pansi pa nyanja ya Michigan, timitengo take tikali m'mimba mwake.

Nkhani ya Carl D. Bradley njomvetsa chisoni koposa, pakuti sitimayi idali itamaliza kale ntchito ya chaka. Idali sitima yachitsulo ya mamita 195, yonyamula miyala ya laimu. Itatsitsa katundu ku Gary mu Novembala 1958, idalunjika ku Manitowoc kumene inkayenera kukhala chisanu chonse ikukonzedwa. Ili m'njira, eni ake adatumiza uthenga wakuti ibwerere kukatenga katundu wina kamodzi kokha. Madzulo a pa 18 Novembala, pakati pa namondwe, idathyoka pakati nimira. Mwa anthu 35 adapulumuka aŵiri okha, Elmer Fleming ndi Frank Mays, amene adachezera usiku wonse pa thandala loyandama. Anthu 23 mwa akufawo adali a tauni imodzi yaing'ono, Rogers City, imene anthu ake sankakwana 4,000.

Zomwezo zidachitikira Daniel J. Morrell, imene idathyoka pa Huron pa 29 Novembala 1966 ili pa ulendo wake wotsiriza wa chaka. Mwa anthu 29 adatsala mmodzi, Dennis Hale. Ndipo pa 10 Novembala 1975 Edmund Fitzgerald, sitima ya mamita 222 imene idasenza matani oposa 26,000 a mtapo, idamira pa Superior ndi anthu ake onse 29, itatsala ndi makilomita ngati 27 kufika pamalo obisalirako mphepo pa Whitefish Bay. Ofufuza a boma adati madzi adaloŵera pa zivundikiro za mosungira katundu. Bungwe la eni sitima lidati idakhula pansi pa malo osaya. Belu lake lidavuulidwa mu 1995, ndipo limalizidwa chaka chilichonse pa tsiku limenelo ku Whitefish Point.

Akuluakulu adati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Koma panyanja wogwa chagada kaŵirikaŵiri sakhala amene adaona chokomacho. Amakhala wantchito amene adangouzidwa kuti amasule chingwe. Nchifukwa chake maboma adaloŵererapo. Itamira Edmund Fitzgerald, sitima zidalamulidwa kukhala ndi zida zoyezera kuya kwa madzi ndi zovala zotchinjiriza thupi lonse m'madzi ozizira, ndipo asilikali a pagombe adayamba kuyendera sitima Novembala asanafike. Kuneneratu za nyengo nakonso kudapita patsogolo, moti masiku ano mkulu wa sitima amaponya nangula pobisalika kudikira namondwe apite popanda kumuyesa wamantha. Edmund Fitzgerald ndiyo sitima yaikulu yotsiriza kumira ndi anthu ake onse panyanjazi.

Ntchito za mwini boti

Mwini boti la matanga sadikira zonsezo. Madoko a mzinda wa Chicago amatseka nyengo yawo pa 31 Okutobala, ndipo makampani ambiri a inshuwalansi amalemba m'pangano miyezi imene boti liyenera kukhala litaima. Wotuluka nalo m'miyezi imeneyo akapeza ngozi salipidwa. Chotero tsiku lovuula limalembetsedwa milungu ingapo lisanafike. M'magulu ena a eni maboti amasonkherana ndalama kubwereka makina onyamulira, nagwira ntchito pamodzi kuyambira m'bandakucha kufikira maboti onse atatuluka, monga amachitira anthu pa dima, ndipo pomaliza amadyera pamodzi.

Ntchito imayamba boti likali m'madzi. Matanga amamasulidwa, kuchapidwa ndi kuyanikidwa kufikira ataumiratu, pakuti thanga lopindidwa lili lonyowa limachita chuku. Misoko yake imayang'anidwa, ndipo pamene ulusi wayamba kutha amatumiza kwa wosoka nthaŵi yomweyo, poti pofika Epulo wosokayo adzakhala ndi mulu wa ntchito. Kenaka matanga amasungidwa pouma ndi posafika mbeŵa, zimene zimakonda kuboola nsaluyo kupangira zisa. Eni ambiri amagwetsanso mlongoti, kuti aone bwino nthambo zachitsulo zimene zimaugwira, chifukwa nthambo imodzi ikaduka panyanja mlongoti wonse umagwa.

Boti likatukulidwa ndi malamba, kunsi kwake kumatsukidwa pompo, ndere ndi matope zisanaume ndi kukanirira. Kutsukaku kudakula kufunika kwake kuyambira 1988, pamene m'nyanja yaing'ono ya St. Clair, pakati pa Huron ndi Erie, mudapezeka tinkhono ta mizeremizere timene tidabwera ndi sitima zochokera ku Ulaya. Tinkhonoti timamatirira pa chilichonse cholimba, timatseka mapaipi, ndipo boti losatsukidwa lingatinyamule kukatifikitsa ku nyanja ina. Likayera, boti limakhazikidwa pa chitsulo kapena pa mitanda yolichirikiza mbali zonse, kutsogolo kutakwera pang'ono kuti madzi a mvula azitsetserekera kumbuyo ndi kutuluka.

Tsopano pamabwera ntchito yaikulu koposa, ndiyo yochotsa madzi paliponse pamene abisala. Zinthu zambiri zikazizira zimafota, koma madzi akaundana amatupa, ndipo amawonjezera magawo 9 pa 100 alionse. Amene adaiŵalapo botolo lodzaza madzi m'chipinda choundanitsira cha firiji akudziŵa chimene chimachitika: botolo limasweka. Mphamvu yomweyo imang'amba chitsulo. Injini ya boti imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja amene amayenda m'timipata ta m'kati mwake, ndipo kapu imodzi ya madzi yotsalira m'menemo njokwanira kusweka injini yonse usiku umodzi. Choopsa nchakuti mng'alu wotere suoneka nthaŵi ya chisanu, poti madzi oundanawo amautseka. Umadzaoneka boti litabwerera m'nyanja, madzi akuloŵa. Chotero mwini boti amakhuthula mathanki, mapaipi, mapampu ndi chimbudzi, napukuta pansi penipeni pa boti, ndipo pamene madzi sangatuluke onse amathiramo mankhwala oletsa kuundana, kuwayendetsa mu injini kufikira atatulukira kumbuyo.

Oyilo wa injini amasinthidwa boti lisanagonekedwe, osati podzalidzutsa, chifukwa oyilo wakale amakhala ndi zinyalala zowawasa zimene zingadye zitsulo pa miyezi yonseyo. Thanki ya dizilo imadzazidwa, kuti m'kati musatsale malo a mpweya umene chinyezi chake chingasanduke madontho a madzi. Batire limatchajidwa mokwanira kapena kutengedwa kunyumba, pakuti batire lopanda moto limaundana ndi kusweka msanga. Zakudya, zofunda, makhushoni ndi mabuku zimatulutsidwa, ndipo zitseko za makabati zimasiyidwa zotsegula kuti mpweya uziyenda.

Potsiriza boti limafundikidwa. Amamanga phaso la matabwa kapena la mapaipi pamwamba pake, lotsetsereka ngati denga la nyumba, nayalapo lona kapena pulasitiki wokhuthala. Kutsetserekako nkofunika, chifukwa chipale chofeŵa, chimene chimagwa ngati ufa, chikaunjikana chimalemera kwambiri ndipo chingathyole phaso. Koma chofundacho sichiyenera kutseka kotheratu: amasiya timazenera ta mpweya, apo ayi m'kati mumachita thukuta ndipo chuku chimadya zonse. Boti la matabwa limafuna chisamaliro china. Mdani wake ndi mphepo youma, imene imafotetsa matabwa ndi kutsegula mipata. Chotero amalisunga pamalo osawomba mphepo, ndipo podzalibwezera m'madzi amalisiya likali m'malamba kufikira matabwa atatupa ndi kugwirananso. Amisiri okhoma maboti a matabwa ku Mangochi ndi ku Salima akulidziŵa bwino khalidwe limeneli la thabwa.

Ngakhale atafundika, mwini wanzeru amapitako nthaŵi ndi nthaŵi kukakokolola chipale ndi kumanganso zingwe zimene mphepo yamasula. Amanyamulanso kope m'mene adalemba, tsiku lomwe lovuula, zonse zimene zidavuta m'chakacho. Chimene sichidalembedwe m'Okutobala chimaiŵalika pofika Epulo, ndipo chimadzadzikumbutsa chokha pakati pa nyanja.

Ntchito za boma ndi za eni sitima

Pamene eni maboti ali pa ntchito imeneyi, asilikali a pagombe a United States amakhala akuchotsa zizindikiro zoyandama zimene zimasonyeza njira. Zizindikiro zoposa 1,000 zimavuulidwa chaka chilichonse, chifukwa madzi oundana akamayenda amaziphwanya kapena kuzikokera pamalo olakwika, ndipo chizindikiro chonama nchoopsa kuposa kusoŵa chizindikiro. M'malo ofunika kwambiri amaikamo zina zing'onozing'ono zolimba zopirira chisanu. Zovuulidwazo zimapalidwa, kupakidwa penti ndi kukonzedwa nyali.

Sitima zazikulu zimapitirizabe maulendo m'Disembala ndi kuchiyambi kwa Januwale, zikutsogoleredwa ndi sitima zoswa madzi oundana monga Mackinaw. Chimene chimaziimitsa ndi zitseko. Pakati pa Superior ndi Huron pali mtsinje wa St. Marys, umene madzi ake amatsika mamita 6 ndi kachidutswa pa tauni ya Sault Ste. Marie. Pamenepo adakumba ngalande zokhala ndi zitseko zachitsulo uku ndi uku: sitima ikaloŵa zitseko zimatsekedwa, madzi amaloŵetsedwa kapena kutulutsidwa, ndipo sitimayo imakwera kapena kutsika nawo. Ngalande yoyamba idatsegulidwa mu 1855. Mwa lamulo la boma, zitseko zimenezi, zotchedwa Soo Locks, zimatsekedwa pa 15 Januwale ndi kutsegulidwa pa 25 Malichi, ngakhale kuti zaka zina amafulumizako masiku oŵerengeka. Njira ya St. Lawrence Seaway, imene idatsegulidwa mu 1959 kuti sitima za m'nyanja yamchere zizifika ku nyanjazi, imatsekedwa kumapeto kwa Disembala kapena kuchiyambi kwa Januwale, ndipo sitima yachilendo yochedwa kutuluka ingatsekeredwe m'kati kufikira Malichi.

Milungu 10 imeneyi siya ulesi. Ngalande zimaphwetsedwa madzi kuti amisiri atsikire pansi kukakonza zitseko ndi makina ake. Sitima zimamangidwa m'madoko a Duluth, Superior, Sturgeon Bay, Milwaukee, Toledo, Sarnia ndi Thunder Bay, amalinyero napita kwawo kukaona mabanja amene adawasiya m'Malichi. M'malo mwawo mumaloŵa owotcherera zitsulo, amisiri a injini ndi a magetsi, amene amagwira ntchito m'chisanu chimene ku Duluth nthaŵi zina chimatsika madigiri 20 pansi pa ziro. Zitsulo zodyeka zimadulidwa ndi kuikapo zatsopano, injini zimaphwasulidwa, ndipo pa zaka zisanu zilizonse sitima imaloŵetsedwa m'doko louma kuti kunsi kwake konse kuyesedwe. Usiku m'sitima yonseyo mumatsala mlonda mmodzi, woyendera zingwe, kuyang'ana ngati madzi akuloŵa, ndi kusamala za moto.

Zipatso za ntchitoyi zimaoneka pa zaka za sitimazo. Madzi opanda mchere sadya chitsulo msanga, ndipo sitima yokonzedwa chisanu chilichonse imakalamba mochedwa. St. Marys Challenger, imene idapangidwa mu 1906, idayenda ndi injini yakeyake kufikira 2013, zaka 107. Arthur M. Anderson, sitima imene inkatsatira Edmund Fitzgerald usiku wa ngoziwo nibwereranso m'namondwe kukafuna opulumuka, idapangidwa mu 1952, ndipo idakwanitsa zaka 70 ikali kunyamula katundu.

Anthu adayesapo kuthetsa kutsekaku. M'zaka za m'ma 1970 boma la United States lidayesa kuyendetsa sitima chaka chonse, ndipo kwa zaka zingapo zitseko za Soo sizidatsekedwe. Kuyesako kudalekeka mu 1979. Ndalama zoswera madzi oundana zidachuluka, magombe ndi madoko a anthu adawonongeka, ndipo a pazilumba za mumtsinje wa St. Marys, amene ankawoloka pansi pamwamba pa madzi oundana, adasoŵa njira. Masiku ano chisanu chikunka chifupika, ndipo cha 2024 chidali chimodzi mwa zochepetsetsa madzi oundana chiyambire kulemba ziŵerengero mu 1973. Komabe masiku otsekera sadachotsedwe. Nyanja yosaundana siyofatsa ayi, pakuti mphepo imapeza madzi oti iwinduke nawo, ndipo zitseko ndi sitima zimafunabe nthaŵi yake yokonzedwa.

Mwera nawo uli ndi miyezi yake

Nyanja ya Malaŵi siundana, koma nayo ili ndi nyengo yozizira imene imabwera ndi mphepo yake. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti mwera umawomba kuchokera kumwera, nuyenda utali wonse wa nyanja ukukuza mafunde. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, imene idali yatsopano, idagubuduka kumpoto kwa nyanjayi, kufupi ndi Florence Bay, ndipo anthu 145 adamira. Chenjezo la mwera limene nthambi yoona za nyengo imaulutsa pa wailesi ndi la mtundu womwewo ndi limene amamvera amalinyero a pa Superior, ndipo yesero la ulendo wina umodzi nalo ndi lomwelo, kaya katundu wake ndi mtapo kapena usipa. Nzeru yoikiratu tsiku siyachilendonso: pachilumba cha Mbenje, m'boma la Salima, mfumu yaikulu Makanjira imatseka usodzi m'Disembala ndi kutsegula m'Epulo, ndipo tsiku likakwana aliyense amachokapo, wapha zambiri kapena zochepa. Masiku amene bwato lili pagombe ndiwo osokera maukonde, omata ming'alu ndi oyang'ana injini.

Ku North America, Malichi akamatha, anthu amasonkhana ku Sault Ste. Marie, nthaŵi zina pakati pa usiku, kudikira sitima yoyamba kuloŵa pazitseko. M'Epulo ndi m'Meyi malona amachotsedwa, kunsi kwa maboti kumapakidwa penti, milongoti imadzutsidwa, ndipo milatho 27 ya ku Chicago imatukulidwanso, ulendo uno maboti akulunjika kunyanja. Boti lililonse likatsitsidwa m'madzi, wonyamula salimasula malamba msanga. Amadikira mwini wake atsikire m'kati ndi tochi, atukule matabwa a pansi, ayang'ane paipi iliyonse ndi kuliza injini. Akapeza pouma, amakweza dzanja, malamba namasulidwa. Akapeza madzi, boti limabwerera pamtunda, ndipo anzake amapita kunyanja iye akali kufunafuna pamene adasiya madzi m'Okutobala.